Azakhali Nambewe ndi Ming'alu ya mu Ayezi

Loweruka lapitali tinakumana kutchalitchi ku Peckham, kuno ku London, pokumbukira kuti chatha chaka Azakhali Nambewe atatisiya. Anthu analankhula bwino. Mayi wina amene ankagwira nawo ntchito m'nyumba yosamalira okalamba ku Romford ananena kuti nkhalamba yokana kusamba inkavomera ikangomva kuti pa shifiti pali iwo. Abusa anakumbutsa za mawu awo m'kwaya. Mwana wawo Limbani anawerenga zake m'Chingerezi, misozi n'kumudula pakati. Palibe anatchula za ayezi. Wodziwa bwino nkhaniyo m'chipindamo ndinali ine ndekha, ndipo abusa atafunsa ngati pali wofuna kuwonjezerapo, ndinayang'ana pansi.

Anali mlongo wawo wa bambo anga. Anali aafupi, a mapewa otambalala, oyenda ngati basi ikuwasiya. M'thumba la yunifolomu yawo simunkasowa pensulo ndi lezala. Chosongolera cha m'sitolo ankachinyoza kuti chimangodya pensulo. Iwo ankasongola okha, zinyenyeswa zikugwera m'dzanja. Akalowa m'nyumba ya munthu n'kupeza kalendala yapendekeka, moni ankapereka ataiwongola kale. Mapu a sitima za pansi pa London ankadana nawo. Ankati ndi chithunzi cha mawaya a magetsi, chifukwa masiteshoni oyandikana amawaika patali, otalikirana n'kuwaphatikiza. Ankawagwiritsa ntchito ndithu, koma akung'ung'udza.

Sanali ofewa. Munthu akachedwa sankamvera chifukwa chake. Akayamba kukonza cholakwa chako sankayang'ana kuti pali ndani. Ankakonda kunena kuti diso ndi laulesi, limaona zimene lalonjezedwa, choncho ukayeza katatu zonse n'kugwirizana, ukamwe tiyi, ukabwere udzayezenso. Ankanenanso kuti usanalengeze kuti chinthu chasuntha, uyambe wapeza chimene sichinasunthe. Mawu amenewa ankawagwiritsa ntchito pa chilichonse, ngakhale pa milandu ya mabanja imene amayi ankabwera nayo kwa iwo.

Za ayezi zinayambira m'chipinda cha mkulu wina m'nyumba ya okalamba ija. Azakhali ankangoti a Pulofesa. Mkuluyu anathera moyo wake pa mitsinje ya ayezi ya ku Greenland, ayezi wokhuthala amene amatsetsereka kuchoka kumtunda kupita kunyanja pang'onopang'ono, moti munthu ataima pomwepo sangaone kuti ayeziyo akuyenda. Maso awo anali atatsala pang'ono kuzima. Ana awo anawabweretsera mabokosi awiri a zithunzi zakale za setilaiti, zosindikizidwa pa mapepala akuluakulu, kuti asamasungulumwe. Okolopa ankangowakankhira kunsi kwa bedi.

Tsiku lina Azakhali akuyala bedi anaona a Pulofesa atagwira zithunzi ziwiri, akuziyandikitsa kumaso.

"Chimodzicho mwachizondotsa," anatero Azakhali m'Chingerezi. "Mithunzi ya mapiri ikugwera mbali zosiyana."

A Pulofesa anadzutsa mutu. "Za mithunzi wakuphunzitsani ndani?"

"Ndinajambula mapu zaka zambiri kwathu, bambo, ndisanayambe kuyala mabedi kuno."

Zinali zoona, ngakhale Amalawi ambiri kuno sankazidziwa. Ali mtsikana ku Blantyre anagwira ntchito mu ofesi yojambula mapu kuchokera ku zithunzi zotengedwa pa ndege. Ankakhala tsiku lonse maso ali pa magalasi awiri amene amachititsa phiri kuoneka ngati latumphuka pa tebulo, akulondola mitsinje ndi zitunda ndi nsonga ya pensulo. Amuna awo atamwalira, makompyuta atayambanso kulanda ntchito ya manja ija, anabwera kuno ndi Limbani ali wamng'ono. Masatifiketi awo sanawatsegulire khomo lililonse. Anachita zimene amayi athu ambiri anachita: anavala yunifolomu.

Ntchito imene a Pulofesa anaisiya pakati inali iyi. Kuti udziwe ngati mtsinje wa ayezi wayamba kuthamanga masiku ano, uyenera kudziwa mmene unkayendera kale, ndipo mboni zokha za nthawi imeneyo ndi zithunzi za masetilaiti oyambirira, zotuwa, zamizeremizere, zina zodzaza mitambo. Umatenga ziwiri za malo amodzi, zotalikirana chaka kapena kuposerapo. Pamwamba pa choyamba umayala pepala la pulasitiki loonekera. Umaika timadontho pa matanthwe a m'mbali, poti thanthwe siliyenda, kenako umajambula ming'alu ya mu ayezi. Ukasamutsira pulasitikiyo pa chithunzi chachiwiri n'kulinganiza matanthwe aja, ming'alu umaipeza yasuntha. Kamtunda kameneko, kosaposa chikhadabo pa pepala, ndiko kamakuuza liwiro.

A Pulofesa anali ndi mutu, Azakhali anali ndi maso. Manejala atawauza kuti nthawi ya shifiti si yosewerera zithunzi, sanatsutse. Anayamba kubwera masiku awo opuma, atavala zovala za kunyumba, n'kusaina m'buku la alendo ngati wina aliyense.

Ming'aluyo a Pulofesa ankafuna ipatsidwe manambala. Azakhali anakana, ati nambala ilibe nkhope, sungaizindikire ukakumana nayo pa chithunzi china. Anaipatsa mayina: Phazi la Nkhuku, Mphanda, Khasu Lothyoka, Ndevu za Abusa. M'makope awo ankalemba dzina, kenako miyezo, zonse ndi pensulo. Mzungu wokalamba uja anaphunzira kufunsa, ndi lilime lolemera, kuti Mphanda yafika pati.

Kutchalitchi amayi ena anayamba kunong'onezana kuti Nambewe akusaka nyumba ya mzungu. Azakhali atamva, sanapite kwa abusa. Pa msonkhano wotsatira wa amayi anatulukira ndi chithunzi chimodzi, n'kuchiyala pa tebulo pamwamba pa mabuku a nyimbo, n'kuwaphunzitsa za ming'alu mpaka tiyi anazizira. Aliyense wofuna kunyamuka ankamubweza kuti sanamalize. Mayi amene anayambitsa mphekeserayo anadzapepesa pambuyo pake, koma Azakhali sanamupatse moni mpaka Khirisimasi iwiri inadutsa. Kukhululuka kunkawavuta, ndipo iwo ankadziwa.

Limbani naye ankalimbana nawo. Ankawaona akubwera ku shifiti mapazi atatupa, n'kukhalira mapepala m'malo mogona. Ankawauza m'Chingerezi kuti palibe anawatuma zimenezi. Iwo ankayankha m'Chichewa kuti ntchito yosiyidwa pakati imanunkha kuposa yosayambidwa, ndipo mkangano unkathera pomwepo, aliyense m'chinenero chake.

Mkangano waukulu unali ndi a Pulofesa eni ake. M'mbali mwa mtsinje umodzi munali chigawo chakuda chimene mkuluyo ankachitenga ngati thanthwe kuyambira ali mnyamata, ndipo anali atalembapo kale zambiri potsamira pamenepo. Azakhali anachiyeza pa zithunzi zitatu, pochiyerekeza ndi nsonga za mapiri, n'kupeza kuti chikukwawa. Sichinali thanthwe. Anali ayezi wokutidwa ndi miyala ndi dothi. Atawauza, a Pulofesa anakwiya, n'kunena kuti Azakhali analembedwa ntchito yosambitsa anthu, osati yokonza sayansi.

Kwa masabata awiri Azakhali sanasaine m'buku la alendo. Pa shifiti ankalowa, kuwasambitsa, kuwameta ndevu, kuwadyetsa, osatchula ayezi. Mmawa wina akuwamanga mabatani a malaya, a Pulofesa anati, "Tandiwerengeraninso miyezo ija."

"Ndili pa ntchito yosambitsa anthu, bambo. Ndibwera Lachinayi."

Lachinayi anabweradi, n'kuwerenga. A Pulofesa anamvetsera maso ali chotseka, kenako anawapempha kuti alembe pa tsamba loyamba la kope kuti iwo a Pulofesa analakwitsa, ndi kuti wopeza cholakwacho ndi Mayi Nambewe. Azakhali analemba. Chigawo chija anachitcha Thanthwe Labodza.

A Pulofesa atamwalira, ana awo anawapatsa Azakhali mabokosi aja, mokondwa kuti apeza kozitayira. Iwo anapitiriza okha kunyumba. Pamene ndinabwera kudzaphunzira ku London ndinafikira kwa iwo, ndipo chithunzi choyamba cha setilaiti chimene ndinachigwira m'manja anandipatsa ndi iwo. Ngati lero ndimadyera ntchito yoyeza ayezi pa yunivesite ku Greenwich, njira inayambira pa tebulo lawo.

Chimene ndinalephera kunena Loweruka lija ndi cha tsiku limene anabwera kuntchito kwanga.

Anali atandipempha kangapo kuti nditenge makope awo ndikawaonetse akuluakulu anga. Ine ndinkangoti ndidzatenga. Lachitatu lina foni inalira.

"Tamanda, ndili pa sitima yopanda dalaivala ija. Udzandichingamire pa siteshoni."

Anatsika atavala ngati Lamulungu, atakoleka paphewa chikwama chachikulu cha mizeremizere cha pamsika wa Romford. M'menemo munali makope onse ndi mapulasitiki aja atakulungidwa. Sindinakwere nawo ku ofesi. Ndinawalowetsa m'kantini ya pansi, ndinagula tiyi, n'kutsegula laputopu kuti ndiwaonetse mmene timachitira masiku ano. Gulu lathu linali kuyeza mtsinje womwe uja. Pa sikirini panali timivi tambirimbiri ta mitundumitundu, kalikonse kakuloza kumene ayezi ankalowera.

"Zimene inu mumachita miyezi, kompyuta imamaliza tisanamwe tiyiyu," ndinatero. Ndinkaganiza kuti ndikuwasangalatsa.

Anavala magalasi, n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Nzokongola," anatero. "Koma zithunzizi mwazilinganiza potsamira pati?"

Ndinawaonetsa malo amene kompyuta inkawatenga ngati matanthwe. Chala chawo chinayenda pa sikirini n'kukaima pa chigawo chakuda.

"Ili ndi Thanthwe Labodza. Watsamira pa chinthu choyenda, mwananga. Liwiro lonse lakale likutulukira lochepa."

 Zotsatira zanga zinkasonyeza kuti kale mtsinjewo unkayenda mwaulesi ndipo tsopano ukuthamanga koopsa. Gulu lonse linali litasangalala nazo, ndipo ndinkayembekezera kukazifotokoza pamsonkhano waukulu. Ngati liwiro lakale linali lokwera, nkhani yanga inali kuchepa.

"Mapu a matanthwewa anapanga ndi akatswiri, Azakhali."

"A Pulofesa sanali katswiri?"

Ndisanayankhe, mkulu wa gulu lathu, mayi wansangala wa kuno, anatiyandikira atanyamula kapu ya khofi. Ndinaimirira.

"Awa ndi azakhali anga," ndinatero m'Chingerezi. "Amasamalira okalamba ku Romford."

Mayiyo anawapatsa dzanja, n'kunena kuti imeneyo ndi ntchito yolemetsa komanso yofunika. Azakhali anathokoza. Kenako dzanja lawo linapita pa zipi ya chikwama.

"Mayi, ndili ndi zoti ndikuonetseni za chigawo chakudachi," anayamba m'Chingerezi chawo chodekha.

Ndinawadula m'Chichewa, motsitsa mawu, ndikumwetulira kuti mzunguyo asadziwe. "Azakhali, pano ayi. Musandichititse manyazi."

Dzanja linaima pa zipi. Anthu ankawadziwa kuti sabwerera m'mbuyo, ndipo ndinayembekezera kuti achita zimene anachita kwa amayi a kutchalitchi. Akanatha kutsegula kope loyamba, pa tsamba lija, n'kundimaliza pomwepo. Anandiyang'ana kamphindi, kenako anatembenukira kwa mayi uja n'kumuuza kuti tiyi wa pano ndi wabwino, ndi kuti ine ndine mwana wolimbikira kuyambira ndili wamng'ono.

Mayiyo atapita, Azakhali anamaliza tiyi wawo, anapukuta tebulo, n'kutulutsa m'chikwama botolo la mtedza wokazinga limene anandikonzera.

"Musandiperekeze," anatero. "Muli ndi ntchito."

Kuyambira ndili khanda ankanditi iwe. Kuyambira tsiku limenelo anayamba kunditi inu. Ankandiimbirabe Lamulungu lililonse kufunsa ngati ndikudya bwino, ngati ndagula jekete la nyengo yozizira, koma zonse mwa inu, ndipo za ayezi sanazitchulenso.

Patapita miyezi, katswiri wina wa kunja amene ankaunika pepala lathu lisanasindikizidwe analemba kuti chigawo chakuda chija akuchikayikira. Ndinayezanso zonse potsamira pa nsonga za mapiri zokha. Zinatuluka monga Azakhali ananenera. Mtsinjewo unawonjezeradi liwiro, koma osati mmene ndinkalengezera. Tsiku lomwelo ndinatenga foni n'kuwaimbira. Atayankha, ndinawafunsa za miyendo yawo.

Ndinadziuza kuti ndidikire pepala lituluke, dzina lawo lili momwemo, ndipite nalo ku Romford ngati mphatso. Tsopano ndimaona kuti ndinkafuna kupepesa m'njira yoti ine ndioneke bwino. Pepalalo linachedwa, monga amachedwera. Mmawa wina Limbani anawapeza atagwa m'khitchini. Anakhala masiku angapo m'chipatala osatha kulankhula. Ndinakhala pambali pa bedi, n'kuwauza kuti Thanthwe Labodza linalidi labodza, kuti ndinalakwa m'kantini muja. Maso awo anali pa ine. Sindikudziwa ngati anamva. Dzina lawo linadzatuluka kumapeto kwa pepala, m'timalemba ting'onoting'ono ta mawu othokoza.

Maliro atatha, Limbani anayenera kutulutsa katundu m'nyumba mwamsanga. Ananditumizira uthenga kufunsa ngati pali zimene ndikufuna pa mapepala a amayi ake. Ndinauona, ndinalephera kuuyankha, ndipo ndinauyankha patatha sabata. Makope anali atawasunga, poona kuti ndi dzanja la amayi. Zithunzi nazo anasunga. Koma mapulasitiki, achikasu ndi ukalamba, okhala ndi timizere tosadziwika, anawayesa zokutira zakale n'kuwataya. Sindimuimba mlandu.

Pa zithunzi zenizenizo Azakhali sankalembapo kanthu, poopa kuziwononga. Chosonyeza kuti mng'alu wakutiwakuti uli pati chinali pa mapulasitiki basi. Ndiye ndili ndi makope odzaza mayina ndi miyezo yaudongo, ya mitsinje imene zithunzi zake n'zotuwa kwambiri moti kompyuta imalephera kugwirapo kanthu. Mwina palibe wina anaiyezapo. Miyezoyo sindingaigwiritse ntchito popanda kudziwa malo a ming'aluyo. Ndikapeza mpata ndimatsegula chithunzi n'kuyamba kusaka. Phazi la Nkhuku ndinalipeza. Mphanda ndikuganiza kuti ndi iyo, koma ilipo itatu yofanana. Zina zonse ndikuziyang'anabe, ndipo munthu amene akanandilozera ndi chala anakhala nane pa tebulo limodzi, chikwama chili pamiyendo.

Tsiku lobweza makiyi ndinapita ndi Limbani. Nyumbayo ili pamwamba pa sitolo yochapira zovala, ndipo m'masitepe munkamveka fungo la sopo. M'chipinda cha Azakhali munalibe bedi, munalibe makatani. Pa kapeti panatsala mabowo anayi pamene panali miyendo ya kabati. Pa galasi la windo ndinaona tizidutswa ta selotepi, tinayi tinayi, tambirimbiri, tina pamwamba pa tinzake.

Ndinamufunsa Limbani kuti n'chiyani. Anati tebulo lagalasi lowala pansi, limene ankayalapo zithunzi nthawi imene ndinkakhala nawo, linafa kalekale. Kuyambira pamenepo ankamata zithunzi pa windo n'kumagwira ntchito ataimirira, dzuwa likakhalapo. Kuntchito kwathu matebulo otero alipo awiri m'chipinda chosungiramo zakale, ndipo palibe amawakhudza.

Limbani anatsika kukaika thumba lomaliza m'galimoto. Ndinatsala ndekha. Selotepi yapamwamba kwambiri inkandifika pachibwano. Pansi pa windo kapeti inali itaperepeseka malo awiri oyandikana, pamene mapazi awo ankaponda, mpaka ulusi kuonekera. Kunja kunali malo oimikapo magalimoto, mabini atatu, ndi basi yofiira ikudikira kuti magetsi a pamsewu asinthe.